Ululu watha koma phewa silinapole: yankho kwa mphunzitsi wa ku Santhe

Funso: Ndine mayi wa zaka 29, ndimaphunzitsa pasukulu ina ya pulaimale kufupi ndi Santhe, m'boma la Kasungu. Ndimasewera mpira wa manja, malo anga ndi GD, wotchinga kumbuyo pafupi ndi golo. Phewa langa lakumanja linaguluka koyamba nditagwa pabwalo, kenako linagulukanso katatu, komaliza ndikungoyanika zovala. Masabata 5 apitawa anandichita opaleshoni ku Lilongwe, ndipo m'buku langa la kuchipatala alembamo kuti Bankart repair. Pano sindikumvanso kupweteka koma akuti ndizivalabe sling, kansalu kokolekera mkono m'khosi. Ndili ndi mwana wa chaka chimodzi. Anzanga a m'timu akundifuna pampikisano umene uchitike miyezi 2 ikubwerayi. Kodi ndingavule sling n'kuyamba kukonzekera? Ndiyambire pati?

Yankho: Aphunzitsi, pepani ndi zonse mwadutsamozi. Phewa loguluka kanayi si nkhani yaing'ono, ndipo ndikumva mmene mtima ukukukokerani kubwalo. Koma ndisakubisireni, mpikisano umenewo muusiye udutse. Pa tsikulo mudzakhala mutangokwanitsa masabata 13 kapena 14 chichokereni ku thiyeta, pamene phewa losokedwa mwa njira imeneyi nthawi zambiri timalibwezera kumasewera olimbirana mpira m'mwamba patatha miyezi 6. Alipo amene amaloledwa pa miyezi 4 kapena 5, koma amakhala anthu oti akuonana ndi a mafizo kangapo pa sabata ndipo mphamvu zawo zayezedwa. Sling nayonso musaivule nokha. Madokotala ambiri amaisiyitsa pakati pa masabata 4 ndi 6, ndiye kuti mwatsala pang'ono, koma wonena kuti ichoke ndi amene anakusokani, chifukwa ndiye anaona ndi maso ake kukula kwa pamene panang'ambika.

Chimene chikukunyengani ndi kutha kwa ululu. Kupweteka kwa masiku oyamba kumachokera ku bala ndi kutupa, ndipo zimenezo zimaphwa m'masabata ochepa. Chimene anasoka m'kati chili ndi nthawi yakeyake, sichimvera kuti inu mukumva bwanji.

Ndikufotokozereni mmene phewa linapangidwira kuti muone chifukwa chake. Fupa la ntchafu limalowa mozama m'chiuno, koma phewa silili choncho. Mutu wa fupa la mkono ndi waukulu, wobulungira, ndipo pamene umakhalapo ndi kambale kakang'ono kosazama. N'chifukwa chake mkono umatha kuzungulira mbali zonse, n'chifukwa chakenso pa malo akuluakulu olumikizirana mafupa, phewa ndilo limaguluka kawirikawiri. M'mphepete mwa kambaleko muli kamnofu kolimba ngati mphira kozungulira ponse, madokotala amakatcha labrum. Taganizirani mtsuko ndi nkhata. Mtsuko wobulungira kunsi sukhazikika pamutu popanda nkhata, ndipo nkhata ikamasuka mbali imodzi mtsuko umapendekera komweko nthawi zonse. Tsiku munagwa lija nkhata yanu inang'ambika kutsogolo chakumunsi, ndipo timitsempha togwira fupa tinakhwefuka nayo limodzi. Kuyambira pamenepo njira inatseguka, mpaka linafika poguluka mukungoyanika zovala. Kung'ambika kumeneku kunatenga dzina la dokotala wa ku England, Blundell Bankart, amene anakulongosola mu 1923.

Pa opaleshoni anabwezera nkhatayo pafupa n'kuimanga ndi ulusi wolimba, umene kawirikawiri amaukola ku tizikhomo ting'onoting'ono tolowetsedwa m'fupamo. Ulusiwo ntchito yake n'kugwirizira basi. Mlimi womezanitsa mango amamanga polumikizapo ndi pulasitiki, koma si pulasitikiyo imene imalumikiza mtengo, mtengo umadzilumikiza wokha ngati sugwedezedwa. Kuti mnofu umere pafupa pamatenga masabata pafupifupi 12, ndipo umapitiriza kukhwima kwa miyezi ina pambuyo pake. Ndiye inu muli pa nthawi imene ndimaiopa kwambiri mwa odwala anga. Ululu umene unkakulonderani wachoka, pamene chosokedwacho chikadali chanthete.

Sindimuiwala mayi wina amene ndinkamuchititsa mafizo zaka zapitazo. Zonse zinkayenda bwino mpaka sabata ya 7. Tsiku lina m'mawa anapita kumjigo, anapeza kulibe womutwika, ndipo poona kuti ana achedwa kusukulu anadzitwika yekha. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, osawerengera ndowayo. Anandiuza kuti itangofika pamapewa anamva kuti phwa, madzi onse pansi. Anabwera atagwirizira chigongono ndi dzanja linalo, maso ali pansi, osafuna n'kundiyang'ana komwe. Ndinamumvera chisoni kwambiri chifukwa sanachite mwano, anachita zimene mayi aliyense amachita pakhomo. Koma phewa linali litagulukanso. Ndipo dziwani kuti likamaguluka mobwerezabwereza limapala fupa la m'mphepete mwa kambale kaja. Fupalo likaperepeseka kwambiri, kusoka kokha sikukwananso, pamafunika opaleshoni ina yaikulu yodula kachidutswa ka fupa la paphewa pomwepo n'kukakhomera kutsogolo kuti katchinge, njira imene anayambitsa Michel Latarjet wa ku Lyon, ku France, mu 1954. Sindikufuna kuti mukafike kumeneko.

N'chifukwa chake ndikufuna tikambe za pakhomo tisanakambe za mpira. Mpira mukhoza kuukana ndi pakamwa kamodzi, koma ntchito za pakhomo zimakupezani m'mawa uliwonse.

Pali kaimidwe kamodzi ka mkono kamene muyenera kukadziwa ngati dzina lanu. Ndi pamene chigongono chakwera m'mbali kufika pamlingo wa phewa, dzanja n'kupita kumbuyo, monga amachitira munthu wofuna kugenda mwala. Pamenepo mutu wa fupa umakankha kutsogolo, ndendende pamene anasokapo. Mapewa ambiri amaguluka ali choncho. Mukayang'ana bwino mupeza kuti kaimidwe kameneka kabisala mu ntchito zambiri: poyanika zovala pachingwe chachitali, potwika ndowa kapena mtolo wa nkhuni, pomanga duku kumbuyo kwa mutu, pogona chagada manja ali kunkhongo, potambasula mkono kumbuyo kuti mutenge chikwama mu minibasi. Mpaka masabata 12 atakwana, zimenezi zisiyeni kapena muzichite ndi dzanja lamanzere.

Mwana ndiye nkhani yovuta kuposa zonse, ndipo ndikudziwa kuti mawu angawa ndi opweteka kwa mayi. Mwana wa chaka chimodzi amalemera makilogalamu 9 kapena 10, ndipo sakhala phee ngati thumba. Kumuponya kumsana kumafuna mkono upite kumbuyo ndi m'mwamba nthawi imodzi, kenako chitenje chimadzera paphewa pomwepo. Kumubereka kumsana kudikire. Khalani pampando kapena pamphasa, wina amuike pamiyendo panu, mumukumbatire ndi mkono wamanzere. Poyamwitsa ikani pilo pansi pake kuti kulemera kwake kusakhale pamkono. Choopsa china n'choti mwana wa msinkhu umenewu akuphunzira kuyenda, ndipo akadzandira dzanja la mayi limathamanga lokha musanaganize. Apa sling imakuthandizani kuposa mmene mukuganizira, chifukwa imamanga dzanjalo kuti lisathamange.

Kwathu kuno matenda osaoneka ndi maso savomerezeka msanga. Bala likauma, ulusi n'kuchotsedwa, anthu amayamba kufunsa kuti nanga mkonowo ukumangidwirabe chiyani. Apongozi akapeza bambo a kunyumba akuvundula nsima, mawu amatuluka. Langizo langa ndi lakuti tsiku lokaonana ndi dokotala mupite ndi bambowo kapena mchemwali wanu amene akukuthandizani, akadzimvere okha. Mawu a dokotala amalemera pakhomo kuposa anu. Kuvundula nsima ya banja lonse, kusinja, kufinya mabulangete, kulima ndi kutwika madzi, zonsezi mupezeretu wokugwirirani kwa miyezi 3. Khasu ndi musi ndizo zomalizira kubwerera, chifukwa zimakweza mkono m'mwamba ndi katundu kenako n'kugwedeza phewa pomenya.

Kusukulu pemphani a hedi akupeputsireni ntchito ya pabolodi. Kuchonga makope chigongono chili patebulo kulibe vuto sling ikachoka. Pabolodi lembani pamlingo wa chifuwa, kumtunda kulembe mnzanu kapena mwana wa kalasi yaikulu, ndipo kufufuta musiyire ana. Kabaza, wa kapalasa ngakhale wa njinga yamoto, mupeweni mmene mungathere, poti munthu akamagwa amatsogoza dzanja. Mukakwera minibasi khalani mbali yoti phewa lodwalalo lisakhale kokanikizidwa, ndipo paulendo wotere valani sling ngakhale atakulolani kuivula kunyumba, kuti anthu aziona n'kukupatsani mpata.

Tsopano zoti muzichita, chifukwa kungokhala nakonso kuli ndi mtengo wake. Phewa losagwedezeka konse limauma, ndipo kulimasula kumatenga miyezi. Pakali pano, katatu kapena kanayi pa tsiku, tulutsani mkono mu sling mutakhala pansi, muongole ndi kupinda chigongono, muzungulize dzanja, mufinye sokosi yokulunga. Kokerani mapewa onse awiri kumbuyo pang'ono ngati mukufuna kuti mafupa afulati a kumsana ayandikane, gwirani masekondi 5, masulani. Ngati dokotala analola, weramani mutatsamira tebulo ndi dzanja labwino, mkono wodwalawo ulendewere ngati chingwe, kenako gwedezani thupi kuti mkonowo uzilendewera wokha. Kuwerama komweku ndiyo njira yosambira m'khwapa osakweza mkono. Povala yambani ndi mkono wodwala, povula mumalizire nawo. Usiku gonani motsamira pa mapilo, pilo wina pansi pa chigongono, sling ili m'malo, chifukwa m'tulo mkono umapita kumene ukufuna.

Miyendo yanu ilibe mlandu. Yendani ndawala tsiku lililonse pamsewu wosaterera, nyonyomalani ndi kudzuka, kwerani ndi kutsika pa sitepe ya khonde. GD amasewera ndi miyendo ndi mpweya kuposa mmene anthu amaganizira, ndipo amene wasunga zimenezi amabwerera msanga. Kuthamanga kudikire mpaka dokotala atavomereza, kawirikawiri pakati pa masabata 8 ndi 12.

Sling ikachoka, kuyambira sabata ya 6 mpaka ya 12, ntchito yaikulu ndi kubwezeretsa kayendedwe ka mkono pang'onopang'ono. Simufunika makina. Tengani ndodo ya tsache, gonani chagada pamphasa, igwireni ndi manja onse, dzanja labwino likweze lodwalalo kulowera kumutu mpaka pamene mwamva kukoka, osati kubaya. Imani moyang'ana khoma, zala zikwere khomalo ngati kangaude, ndipo lembani ndi choko pamene mwafika kuti muzionera sabata ndi sabata. Choko chimenecho chimalimbitsa mtima masiku amene mukuona ngati palibe chikusintha. Kutembenuzira dzanja kunja chigongono chili m'nthiti ndiko kofunika kusamala kwambiri, chifukwa kumakoka pamene anasoka. Malire ake akuuzeni ndi dokotala kapena a mafizo, ndipo amawaonjezera pang'onopang'ono. M'nyengo yomweyi timayamba kudzutsa minofu popanda kusuntha mkono: chigongono chili m'nthiti, kanikizani khoma ndi kuseri kwa dzanja masekondi 5, kenako ndi chikhatho, mofatsa, kakhumi. Minofu inayi yaing'ono yozinga phewa, imene timaitcha rotator cuff, ndiyo imagwira mutu wa fupa pakati pa kambale mkono ukamayenda. Imeneyi ikagona, ngakhale nkhata itasokedwa bwino chotani, phewa limakhalabe lolobodoka.

Muyezo wa ululu ndi uwu. Ngati 10 ndi ululu wosapiririka, pochita mafizo musapitirire 3 kapena 4, ndipo pofika mawa lake nthawi yomweyo ukhale utabwerera mwakale. Ukakugonetsani maso usiku kapena mwadzuka phewa litauma kuposa dzulo, ndiye kuti munapyola, bwererani pang'ono. Mukamaliza ikani chozizira kwa mphindi 15, chokulungidwa m'kansalu, ngakhale mafilizesi awiri ouma amagwira ntchito. Kuthowa ndi nsalu yofunda musanayambe kulibe vuto bala likapola. Koma musalole munthu aliyense, kaya ndi wodziwa kuwongola mafupa m'mudzi, kukoka mkonowo, kuutswanya mwamphamvu kapena kutemapo mphini. Ndipo musamwe panado kapena bulufeni n'cholinga choti muthe kuchita zimene phewa likukana.

Pa chakudya muli pabwino, poti Kasungu ndi kwawo kwa mtedza ndi soya. Onjezerani nyemba, mazira, usipa kapena matemba, ndi zipatso monga magwafa ndi malalanje, makamaka poti mwina mukuyamwitsabe. Kwa owerenga ena amene ali m'vuto lomweli ndinene kuti fodya, wosuta ngakhale wa m'mphuno, amachepetsa magazi opita pamene pakupola ndipo amachedwetsa kulumikizana kwa mnofu ndi fupa. Odwala shuga nawonso phewa lawo limauma msanga, choncho ayenera kusunga shuga wawo pamlingo wabwino.

Masabata 12 akakwana, dokotala n'kuvomereza, m'pamene timayamba kumanga mphamvu zenizeni. Dulani chubu chakale cha njinga m'litali, mangirirani pachitseko chotseka pamlingo wa chigongono. Kokerani kunja, kokerani m'kati, kokerani kumbuyo ngati mukupalasa bwato, maulendo 10 mpaka 15, katatu, tsiku limodzi kuchita lina kupuma. Zonyamula muyambe ndi botolo la madzi la theka la lita, lomwe ndi theka la kilogalamu, kenako la lita imodzi. Muona ngati n'zachibwana kwa munthu wozolowera ndowa, koma minofu yaing'ono ija imakula ndi zopepuka zobwerezabwereza. Mukaipatsa cholemera, minofu ikuluikulu ya pamwamba imalanda ntchito, iyo n'kumagonabe. Ma push-up ayambire pakhoma mutaimirira, patapita masabata atsikire patebulo, kenako pansi mutagwada. Pali chinanso chimene anthu amachiiwala. Phewa likaguluka kangapo, ubongo umasiya kudziwa bwino pamene mkono uli popanda kuuyang'ana. Timaziphunzitsanso: kanikizani mpira pakhoma ndi chikhatho n'kumauzunguliza timizere tating'ono, poyamba mukuona, kenako mutatsinzina.

Mpira weniweni ubwere m'mwezi wa 4 kupita m'tsogolo, ndipo nawonso uli ndi makwerero. Mpira wa manja sufika ngakhale theka la kilogalamu, choncho vuto si kulemera kwake koma liwiro lake ndi malo amene umakupezani. Yambani kuponya ndi manja awiri kuchokera pachifuwa, pakhoma, muli pafupi. Kenako wodunda pansi ndi mnzanu. Kenako manja awiri pamwamba pa mutu. Kuponya ndi dzanja limodzi kuchokera paphewa kubwere mochedwa, kuyambira pafupi, chifukwa ndi kaimidwe kogenda mwala kaja. Chomalizira ndi ntchito yanu ya GD: kutambasula mkono pamwamba pa woponya m'golo, kulumphira mpira wodutsa ndi dzanja limodzi, kulimbirana wobwerera kuchokera pa ring'i. M'malamulo amati masewerawa si ogundana, koma inu ndi ine tikudziwa zimene zimachitika m'kati mwa seko. Mkono wanu uli m'mwamba, wa mnzanu n'kuukankhira kumbuyo, ndi mmene mapewa ambiri a osewera kumbuyo amagulukira. Choncho muyambe mwakonzekera ndi timu popanda kulimbirana kwa masabata angapo, kenako kulimbirana ndi anzanu odziwa vuto lanu, kenako kota imodzi ya mphindi 15, osati masewera onse a makota anayi.

Miyezi 6 ikakwana si ndiye kuti chitseko chatseguka chokha. Ine ndisanamasule wosewera ndimafuna kuona mkono ukufika pafupifupi pamene winawo ukufika, wopanda ululu, mphamvu zake zitafika pa 90 mwa 100 poyerekeza ndi mkono wabwino. Kenako ndimamugoneka chagada, n'kuika mkono m'kaimidwe kogenda mwala kaja pang'onopang'ono, maso anga ali pankhope yake. Nkhope ikachita tsinya, thupi n'kuuma ngati likuti litulukanso, ndiye kuti nthawi sinakwane, ngakhale mwiniyo akunena kuti ali bwino. Mantha amenewo si ulesi kapena kufooka kwa mtima, ndi phewa limene likunena zoona.

Zizindikiro izi zikaoneka musadikire tsiku lolembedwa: bala kufiira, kutentha kapena kutuluka mafinya, thupi kutentha, dzanzi kapena kufooka kwa dzanja kumene kukukula, dzanja kuzizira kapena kusintha mtundu, mwendo kutupa ndi kupweteka kukatumba, kubanika kapena kupweteka pachifuwa. Likagulukanso, anzanu a m'timu asalibwezere pabwalo, mangani mkono ndi chitenje mupite kuchipatala. M'zipatala za maboma muli ma clinical officer a za mafupa, amene dziko lathu linayamba kuwaphunzitsa mu 1985, ndipo kubwezera phewa loguluka ndi ntchito imene amaidziwa bwino. Iwowo ndiwo angakutumizeni ku Kamuzu Central Hospital ngati pakufunika dokotala wamkulu wa mafupa.

Ulendo wa ku Lilongwe ndi wodula, choncho tsiku lokaonana ndi dokotala musabwerere chimanjamanja. Mufunseni tsiku lenileni lovula sling, malire a kutembenuzira dzanja kunja pa sabata iliyonse, nthawi imene akulolani kunyamula mwana ndi kuthamanga, komanso ngati anapeza fupa loperepeseka, chifukwa zimenezo zimasintha ndondomeko yonse. Mupempheni alembe mayankhowo m'buku lanu la kuchipatala, ndi kalata yopita kwa a mafizo pachipatala cha boma ku Kasungu, kuti amene azikuthandizani kufupi ndi kwanu azitsata zimene iye anaona m'kati. Ngakhale mutamakwanitsa kupita kamodzi pa masabata awiri, n'kumachita zotsalazo pamphasa kunyumba, zikwana. Ndipo kumpikisanoko pitani ndithu, mukakhale pambali pa bwalo muzikawerengera anzanu zigoli, phewa lakumanja lili kutali ndi kumene mpira ukugwera.